Sindimwa mowa, koma chiwindi changa chinadzaza mafuta ndili ndi zaka 26

Tsiku limene ndinamva koyamba kuti chiwindi changa chili pavuto sindinapite kuchipatala chifukwa chodwala. Ndinali nditapeza ntchito yatsopano ndipo ankafuna kalata yotsimikizira kuti thupi langa lili bwino, choncho ndinapereka magazi ndi mkodzo, n'kukwera pasikelo, n'kubwerera kunyumba mtima uli m'malo. Patapita masiku atatu anandiimbira foni kuti ndisanatenge kalatayo ndikaonane kaye ndi adokotala. Ndinali ndi zaka 26.

Adokotalawo, mayi wachikulire wolankhula mosathamanga, anandilozera papepala pamene panalembedwa ALT, pambali pake pali nambala 74. Anati ALT imakhala m'kati mwa maselo a chiwindi, ndipo maselowo akamavulala imatayikira m'magazi. Pamene anayezera magazi angawo, malire ake anali 40.

"Bambo, mowa mumamwa wochuluka bwanji pa sabata?"

"Sindimwa, adokotala. Chibadwire sindinaulawepo."

Sanatsutse. Anandifunsa ngati pali mankhwala amene ndimamwa kawirikawiri, akuchipatala kapena azitsamba, ngati ndinaikidwapo magazi, komanso ngati m'banja mwathu muli wodwala matenda a shuga. Funso lomalizali ndinayankha kuti inde, bambo anga. Analemba kena kake, kenaka ananditumiza kukayezetsa hepatitis B ndi hepatitis C. Apa ndikupempheni aliyense amene ALT yake yapezeka yokwera: musalole kuti mungouzidwa kuti ndi mafuta musanayezedwe matenda awiriwa, chifukwa nawonso amadya chiwindi mwakachetechete ndipo chithandizo chake n'chosiyana. Ine onse awiri sanandipeze nawo. Chinatsala chinali sikani.

Ya sikaniyo sindidzaiiwala. Anandigoneka chagada, anandiuza kuti ndikweze dzanja lamanja kumutu, n'kundipaka zoterera zozizira pansi pa nthiti. "Kokani mpweya, ugwireni pomwepo." Kenaka anatembenuza makinawo kuti ndione nawo. Pagalasi panali zinthu ziwiri zogundana, chachikulu pamwamba, chaching'ono chooneka ngati nyemba pansi pake. Chaching'onocho inali impso yakumanja. Wojambulayo anati mwa munthu wabwinobwino ziwalo ziwirizi zimaoneka zotuwa mofanana. Kwa ine impso inkaoneka yakuda, chiwindi chikuwala mbee ngati chifunga cha m'mawa dzuwa likachiwomba. Kuwalako ndiwo anali mafuta. Pambuyo pake ndinadzamva kuti sikani yamtunduwu siwaona bwino mafuta akakhala ochepa, ndiye kuti anga awale chonchija anali ataunjikana kwa nthawi ndithu.

Mumtima ndinakana. Palibe pamene pankandipweteka, ndinkadya bwino, ndinkagona bwino, ndipo mawu akuti "matenda a chiwindi" ndinkawamva ngati a anthu a mowa okha. Adokotala anati chiwindi n'chiwalo chopirira kuposa muyezo. Chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, chimasefa magazi, chimapanga ndulu, chimasunga shuga ndi kuutulutsa thupi likaufuna, ndipo chikhoza kupitiriza ntchito zonsezi chitawonongeka kale mbali yaikulu. M'kati mwake simumveka ululu. Ena amangomva kutopa, kapena kulemera pansi pa nthiti zakumanja, ambiri samva kalikonse. Maso achikasu ndi kutupa mimba zimabwera zinthu zitafika kale patali.

Kenaka anandifunsa funso limene linandikhazika chete: "Zaka zisanu zapitazo munkalemera bwanji?"

Ndinkadziwa, chifukwa pomaliza maphunziro ndili ndi zaka 21 ndinkasewera mpira ndipo ankatiyeza. Ndinali ndi makilogalamu 68. Tsiku limenelo sikelo inali itaonetsa 89. Makilogalamu 21 pa zaka zisanu akumveka ochuluka, koma mukawagawa amangokwana magalamu 350 pamwezi, kulemera kumene palibe angakuone ndi maso. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolo wangawu unamangidwa ndikuyang'ana. Nditayamba ntchito yokhala pakompyuta tsiku lonse, mpira ndinausiya, kuyenda wapansi ndinachepetsa, koma mbale yanga inakhalabe ya munthu wothamanga. Ndinkamwa mabotolo awiri kapena atatu a zakumwa zotsekemera patsiku kuti tulo tisandigwire masana. Nditafika kunyumba madzulo a tsiku la sikaniyo ndinavula lamba n'kumuyang'anitsitsa. Panali mizere itatu yakuda, pamene chitsulo chinkakhala kale, umodzi ndi umodzi kusunthira kunsonga. Lambayo ankalemba mbiri yonse ine osawerenga.

Anandiwerengera BMI, imene imapezeka pogawa kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake m'mamita kochulukitsidwa ndi kutalika komweko. Ine ndine wamtali mamita 1.72, ndiye pa makilogalamu 68 ndinali pa 23, pa makilogalamu 89 ndinali nditangodutsa 30. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati kuyambira 25 munthu wapitirira muyezo, kuyambira 30 wanenepa kwambiri. Koma adokotala anati chimene chimawauza zambiri za chiwindi ndi tepi yoyezera m'mimba. Anaizunguliza pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, cha pamwamba pang'ono pa mchombo, nditatulutsa mpweya. Inakwana masentimita 101. Malire amene madokotala ambiri amagwiritsa ntchito ndi 94 kwa amuna ndi 80 kwa akazi, koma anandiphunzitsa njira ina yosafuna tepi. Mudule chingwe chotalika ngati inuyo, kuyambira kuphazi mpaka pamutu, muchipinde pakati, muchizungulize pamimba. Ngati nsonga zake sizikumana, mimba yanu yaposa theka la kutalika kwanu. Ndinayesa usiku womwewo. Pakati pa nsonga ziwirizo panatsala mpata woposa chikhatho changa.

Chifukwa chimene mimba ilili yofunika chonchi anandijambulira kuseri kwa pepala la zotsatira, ndipo pepalalo ndikadali nalo. Mafuta a m'thupi sali amtundu umodzi. Ena amakhala pansi pa khungu, aja mumatha kuwatsina. Ena amakhala m'kati, mozungulira matumbo, ndipo magazi ochokera kumeneko amadutsa mumtsempha waukulu wolunjika kuchiwindi asanapite kwina kulikonse. Zonse zimene mafuta am'katiwa atulutsa, chiwindi ndicho chimayamba kuzilandira. Palinso nkhani ya insulini, timadzi timene kapamba amapanga tothandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga. Imodzi mwa ntchito zake ndi kuuza nkhokwe za mafuta kuti zitseke pakhomo munthu akadya. Nkhokwezo zikadzaza mopitirira, zimasiya kumvera, moti mafuta amangotayikira m'magazi usana ndi usiku. Kapamba amayankha potulutsa insulini yochuluka, ndipo insulini yochulukayo imalamula chiwindi kuti chipange mafuta enanso atsopano. Chiwindi chimayesetsa kuwotcha ena, ena n'kuwatumiza m'magazi, koma olowa akaposa otuluka, otsalawo amasanduka timadontho m'kati mwa maselo ake. Maselo oposa 5 pa 100 alionse akakhala ndi timadonthoti, madokotala amati chiwindicho chili ndi mafuta.

Ine ndinkaganiza kuti mafuta a m'chiwindi amachokera ku mafuta ophikira basi, moti ndinali nditakonzeka kusiya zokazinga n'kupitiriza zina zonse. Kafukufuku wa mu 2005 wa ku Minnesota, m'dziko la America, ndiye anandisintha maganizo. Atatsata kumene mafuta a m'chiwindi cha odwala ankachokera, anapeza kuti pafupifupi 59 pa 100 ankachokera m'nkhokwe za mafuta za m'thupi, 26 chinkawapanga chiwindi chenicho, makamaka kuchokera ku shuga ndi zakudya zosanduka shuga, ndipo 15 okha ndiwo ankachokera mwachindunji ku mafuta a m'chakudya. Ndiye kuti gwero lalikulu linali mimba yanga yomwe, lachiwiri linali m'mabotolo aja. Shuga wamba ali ndi magawo awiri, glucose ndi fructose. Glucose amagwiritsidwa ntchito ndi thupi lonse, koma fructose akabwera wambiri nthawi imodzi, monga zimakhalira m'chakumwa, wochuluka amathera kuchiwindi, ndipo chiwindi chimatha kumusandutsa mafuta. Chitini chimodzi cha mamililita 330 cha chakumwa cha kola chimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 35. WHO imalangiza kuti shuga wothira asapitirire magalamu 50 patsiku kwa munthu wamkulu, ndipo kutsika mpaka 25 n'kwabwino koposa. Ine ndinkadutsa 100 ndi zakumwa zokha, osawerengera amene ndinkathira m'kapu m'mawa.

Chinandipweteka kwambiri chinali msinkhu wanga. Ndinkadziona ngati ndalakwitsa zinthu mwapadera kuti ndidwale matenda a achikulire ndisanakwanitse zaka 30. Koma si ine ndekha. Mumzinda wa Bristol ku England muli kafukufuku amene wakhala akutsata ana obadwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Atafika zaka pafupifupi 24, oposa 4,000 anayezedwa chiwindi ndi makina otchedwa FibroScan, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2020 zinaonetsa kuti mmodzi mwa asanu alionse anali ndi mafuta m'chiwindi, mmodzi mwa 40 alionse anali atayamba kale zipsera. Amene anali onenepa ndiwo ankapezeka kwambiri ndi mafutawo, ndipo chiopsezo cha zipsera chinali chachikulu mwa amene anali ndi mafuta komanso akumwa mowa mopitirira. Padziko lonse akuti pafupifupi anthu akuluakulu atatu mwa khumi alionse ali ndi vutoli. Mukamafufuza pa intaneti mudzapeza mayina awiri. Lakale ndi NAFLD, ndipo mu 2023 akatswiri a chiwindi analisintha kukhala MASLD, pofuna kuti dzinalo lizinena za gwero lake, lomwe ndi kusokonekera kwa mmene thupi limagwiritsira ntchito shuga ndi mafuta, osati kungoti matendawa si a mowa.

Ndinafunsa mosapita m'mbali ngati ndifa nawo. Adokotala anati anthu ambiri amakhala ndi mafuta okhawo osafika poipa. Mwa ena chiwindi chimayamba kutupa, kutupako kukapitirira chimapanga zipsera, zipsera zikachuluka chimauma n'kukwinyika, ndipo pamenepo chikhoza kulephera ntchito kapena kuyamba khansa. Ulendo umenewu umatenga zaka zambiri, nthawi zina makumi. Kenaka ananena mawu amene anandilowa: wazaka 60 akayamba ulendowu mwina sangafike kumapeto kwake, koma wazaka 26 ali ndi nthawi yokwanira yofikako. Anawonjezera kuti chimene chimapha ambiri mwa anthu a vutoli ndi matenda a mtima ndi mitsempha, ndipo mafuta a m'chiwindi amakweza chiopsezo cha matenda a shuga. Anandiuza kuti nditembenuke, n'kuyang'ana kuseri kwa khosi langa. Panali mzere wakuda wosalala umene ndinkaupala ndi sopo kwa chaka chathunthu poganiza kuti ndi litsiro. Sunali litsiro. Khungu limada motero insulini ikachuluka m'magazi.

Za zipsera, pali kawerengedwe kotchedwa FIB-4 kamene kamagwiritsa ntchito zaka za munthu ndi zotsatira za magazi, koma kwa osakwana zaka 35 sikodalirika. Ine ananditumiza ku FibroScan. Makinawa amagogoda pang'ono pakati pa nthiti n'kuyeza kulimba kwa chiwindi, ndipo sapweteka. Changa chinali chikadali chofewa.

Mankhwala sanandipatse. Alipo amene dziko la America linavomereza mu 2024, otchedwa resmetirom, koma ndi a anthu amene chiwindi chawo chatupa ndipo zipsera zafika kale patali. Kwa ine analemba manambala awiri papepala: 6 ndi 9. Anati munthu akatsitsa kulemera kwake ndi magawo 5 pa 100, mafuta a m'chiwindi amayamba kuchepa, ndipo akafika magawo 7 mpaka 10, kutupa kumazilala, ndipo ngakhale zipsera zikhoza kuchepa. Ku Cuba anatsata odwala 293 kwa chaka chimodzi, kuwayeza kachidutswa ka chiwindi poyamba ndi pomaliza. Zotsatira zake za mu 2015 zinaonetsa kuti mwa amene anatsitsa magawo 10 pa 100 kapena kuposa, asanu ndi anayi mwa khumi alionse kutupa kunatha, ndipo pafupifupi theka zipsera zinachepa. Kwa munthu wa makilogalamu 89, magawo 7 mpaka 10 aja ndi makilogalamu 6 mpaka 9. Mtima unakhala pansi, chifukwa ndinkayesa kuti andiuza kuti ndibwerere pa 68.

Ngakhale anandilongosolera bwino chonchi, mwezi woyamba ndinauwononga ndi mantha. Ndinayamba kudya kamodzi patsiku, ndipo ndinagula ufa wina umene wogulitsa pa intaneti ankati umatsuka chiwindi. Pa masabata atatu ndinatsika makilogalamu 4, chizungulire chili tho, kuntchito mutu sukugwira. Sabata yachinayi njala inandigonjetsa ndipo atatu anabwerera. Nditaulula kwa adokotala, anagwira paketi ya ufayo, n'kuitembenuza kufuna pamene alemba zimene zili m'kati, osapapeza.

"Mwanawe, chilichonse chimene wameza chimadutsa m'chiwindi chomwechi. Usachipatsenso ntchito ina yosadziwika."

Anandiuza kuti mankhwala ena ogulitsidwa ngati othandiza kuwonda kapena kutsuka thupi ndi amene amavulaza chiwindi, komanso kuti kuwonda mothamanga kumabweretsa timiyala m'ndulu. Liwiro labwino ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata. Nkhani ya ogulitsa ufawa imandikwiyitsabe mpaka lero, chifukwa amadyera pa mantha a munthu amene wangomva kumene uthenga woopsa.

Zimene zinandithandiza n'zosadabwitsa. Zakumwa zotsekemera ndinazisiyiratu, pamodzi ndi majuwisi a m'mabotolo, amene shuga wake sasiyana kwenikweni ndi wa zinazo. Zipatso zenizeni ndinapitiriza kudya. Masabata awiri oyamba mutu unkandipweteka cha m'ma 3 koloko masana, nthawi imene ndinkatsekula botolo lachiwiri, ndipo dzanja linkangopita lokha pamalo pamene ndinkaliika patebulo. Ndinaikapo botolo la madzi. Chakudya ndinabwerera katatu patsiku, koma theka la mbale likhale masamba, ndipo ndinasiya kuwonjezera kachiwiri. Ndinayamba kuyenda mofulumira mphindi 30 madzulo alionse, liwiro loti ndikhoza kulankhula koma osaimba, kuti ndikwanitse mphindi 150 pa sabata zimene WHO imanena. Kawiri pa sabata ndinkachita zolimbitsa minofu m'chipinda momwe, popanda chida chilichonse, chifukwa minofu ndiyo imamwa shuga wambiri wa m'magazi.

Mwezi wachisanu sikelo inaima pa 84 kwa masabata asanu ndi limodzi. Ndinatsala pang'ono kusiya. Chinandigwira mtima ndi chingwe chija, chimene ndinachikoloweka kuseri kwa chitseko. Sikelo ili chiimire, mpata wa pakati pa nsonga unkachepabe. Adokotala anati zimenezi zimachitika: masewera olimbitsa thupi amachepetsa mafuta a m'chiwindi ndi a m'kati mwa mimba ngakhale kulemera kusanasinthe. Kuyambira pamenepo ndinayamba kukwera pasikelo kamodzi pa sabata, chingwe kamodzi pamwezi.

Patatha miyezi 14 ndinali pa makilogalamu 80, m'mimba masentimita 91, ALT 31. Pa sikani yachiwiri chiwindi ndi impso zinkaoneka zotuwa pafupifupi mofanana, ndipo wojambulayo anachita kuyang'ananso lipoti lakale. Mzere wa pakhosi unazilala wokha. BMI yanga ndi 27, kutanthauza kuti pa muyezo wa WHO ndikadali wopitirira, ndipo chingwe chimatsalabe pang'ono kuti chikumane. Chiwindi sichinadikire kuti ndiwonde ngati kale. Chinayamba kuchira pa makilogalamu oyambirira aja.

Pali zinthu ziwiri zimene sindikufuna kuti muzimve molakwika pa nkhani yangayi. ALT yabwinobwino sitanthauza kuti chiwindi chilibe mafuta, chifukwa ambiri amene ali nawo magazi awo amaoneka bwino. Ine ndinachita mwayi kuti yanga inakwera. Komanso kuwonda si chitetezo chokwanira. Alipo anthu a manja ndi miyendo yowonda koma kamimba kali patsogolo, ndipo alipo amene anatengera kumtundu. Mu 2008 akatswiri a ku Dallas anapeza kuti kusiyana kwina pa jini (malangizo a m'maselo amene munthu amatengera kwa makolo) yotchedwa PNPLA3 kumachititsa chiwindi kusunga mafuta mosavuta. Ngati m'banja mwanu muli matenda a shuga, ngati magazi anu amathamanga, kapena ngati zovala za zaka zitatu zapitazo zikukana m'chiuno, nenani zimenezi kwa dokotala ndipo mufunse za chiwindi ndi shuga wa m'magazi, ngakhale mutapita ndi vuto lina.

Mng'ono wanga ali ndi zaka 23 ndipo wangoyamba kumene ntchito yokhala pampando. Atabwera kudzandiona mwezi watha, ndinaona mmene malaya ake akukokera pamabatani. Sindinamuuze kuti wanenepa, chifukwa ndikudziwa mmene mawu amenewo amatsekera makutu. Ndinangotenga chingwe chatsopano, n'kumuimika chotsamira khoma, n'kuchidula pamutu pake. Anachipinda yekha, anachizunguliza, ndipo panatsala mpata wa zala zitatu. Anakhala chete kwa kanthawi akuchiyang'ana.

"Achimwene, magazi aja amayeza munthu asanadye kapena atadya?"

Ndinamuuza kuti poti ayezetsanso shuga, apite m'mawa asanadye. Tinapangana kuti tipitire limodzi Lachiwiri, tsiku limene inenso ndikukayezetsa ALT yanga ya chaka chino.